Kuulutsa misonkhano ya za misewu pa intaneti si kuwononga ndalama

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa nkhani imene yakhala ikundikhudza kuno ku America. Kwathu ndi ku Ntcheu, koma ndikulemba ndili ku South Bend m'chigawo cha Indiana, kumene Amalawi tiliko ambiri ndithu. Ena akugwira ntchito m'mafakitale a ku Elkhart, ena ngati ine tikusamalira okalamba, usana ndi usiku.

Kuno msewu sungoyamba kumangidwa chifukwa wamkulu wina walota. Kuyambira mu 1962, lamulo la boma lalikulu limafuna kuti dera lililonse la m'tauni lokhala ndi anthu opitirira 50,000 likonze mapulani ake a mayendedwe mogwirizana, apo ayi ndalama za misewu zochokera ku Washington sizibwera. Ntchitoyi imagwiridwa ndi mabodi amene amawatcha MPO. M'mabodi amenewa mumakhala mameya, makhansala ndi akuluakulu a za misewu ndi mabasi. Ya dera lathu ndi MACOG, ndipo imayang'anira ma county anayi, St. Joseph, Elkhart, Marshall ndi Kosciusko. County tingaiyerekeze ndi boma ngati la Ntcheu kapena la Dedza. Mabodi otere amalemba pulani ya zaka zosachepera 20, komanso mndandanda wa ntchito zimene zilandire ndalama m'zaka zinayi zikubwerazo. Mlatho wanu ukapanda kulowa pa mndandandawo, mudikira.

Mu 2023 nyumba ya malamulo ya Indiana inakhazikitsa lamulo lakuti, kuyambira pa 1 Julaye 2025, makhonsolo a mizinda ndi a ma county aziulutsa misonkhano yawo pa intaneti nthawi yomweyo, ndipo zojambulazo azizisunga masiku osachepera 90 kuti aliyense athe kuonera. Kuyambira pamenepo ndakhala ndikumva dandaulo limodzimodzi, ngakhale kwa anzanga ku tchalitchi: kamera ndi ndalama, wojambula ndi ndalama, ndipo amene amaonera ndi anthu ochepa. Ena amawonjezera kuti mabodi a za mayendedwe ndiye asavutike n'komwe, popeza zokamba zawo ndi manambala ndi mapu okhaokha.

Sindikutsutsa kuti pali mtengo. YouTube ndi Facebook salipiritsa kuulutsa, ndipo kamera yabwino masiku ano si chinthu chodabwitsa. Ndalama zimapita ku mawu ndi ku munthu. Tebulo lokhala anthu ambiri limafuna maikolofoni okwanira, kuti wa kumapeto uja akamalankhula amveke. Pafunika wina wodziwa makina, wofika msanga ndi kutsala ena atapita. Pafunikanso mawu olembedwa pansi pa chithunzi kuti osamva atsatire. Ndinaonerapo msonkhano wa khonsolo ina, sinditchula dzina, umene anaujambula ndi foni yoimikidwa pakona. Ndinkangoona milomo ikugwedera, mawu akumveka ngati munthu akulankhulira mu mtsuko. Ndinakhala ola lathunthu khutu lili pa foni, osatolapo kanthu. Kuulutsa kotere ndiye kutaya ndalama, chifukwa kumangokwaniritsa lamulo, munthu n'kutsala mu mdima womwewo.

Koma tiyeni tiike mtengowo pafupi ndi ndalama zimene mabodi otere amakambirana. Kumadzulo kwathu kuno, ntchito yowonjezera njanji yachiwiri ya sitima ya South Shore Line pakati pa Gary ndi Michigan City inatha mu 2024, ndipo inadya madola opitirira 600 miliyoni. Anthu oweruza za ndalama zochuluka chotero angalephere kugula maikolofoni?

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti mtengowo ulipo kale, kungoti akuulipira ndi ife. Misonkhano yambiri ya mtundu uwu imachitika masana, pakati pa sabata. Ine ndikaweruka 7 koloko m'mawa nditagwira usiku wonse, kutembenuza agogo pabedi ndi kuwasambitsa, thupi limafuna tulo basi. Ndikakhala wa masana, kuti ndipite ku msonkhano ndiye kuti ndataya malipiro a tsikulo, ndalama imene ina imayenera kupita kwa mayi anga kumudzi. Amene amatha kufika ndi opuma ntchito, amakontrakitala ndi amene kupezeka kumeneko ndi ntchito yawo, ndipo pafupifupi onse amabwera pa galimoto zawo. Wokwera basi, amene nkhaniyo ikumukhudza kuposa onse, ndi amene sapezekako.

Zaka ziwiri zoyamba ndinalibe galimoto. Kuchokera pa siteji ya basi kukafika kuntchito ndinkayenda mbali ya msewu wopanda kanjira ka oyenda pansi. M'mwezi wa Januwale, mphepo yochokera ku nyanja ya Michigan ikathira chipale, magalimoto okankha chipalecho amachiunjika m'mphepete, ndiye ndinkakakamizika kuyenda mu msewu mwenimwenimo, kuli mdima, magalimoto akundidutsa pafupi. Nthawi yonseyo sindinkadziwa kuti pali tebulo limene anthu amakhalapo n'kusankha kuti kanjira kamangidwe pati. Ndikanaona msonkhano umodzi wokha pa foni, ndikanadziwa woti ndimulembere, ndi mwezi woti ndilembe mndandanda uja usanatsekedwe.

Za kuchepa kwa oonera, amene amanena zimenezi amawerenga okhawo amene ali pa intaneti msonkhano uli mkati. Ine ndimaonera usiku ndikuphika nsima, n'kudumpha mpaka pa nkhani imene ikundikhudza. Mtolankhani amaonera mawa lake. Mmodzi akamva kuti njira ya basi isintha, amadula kachigawoko n'kuponya pa gulu la WhatsApp, ndipo pofika madzulo onse ogwira ntchito kumeneko adziwa. Komanso khansala amene akudziwa kuti mawu ake asungidwa sangadzakane mawa zimene ananena lero. Mu 2020, mliri wa Covid-19 utatitsekera m'nyumba, mabodi ambiri anasamukira pa Zoom m'masabata ochepa chabe, ndipo palibe anagwa nawo mphwayi. Zinatheka chifukwa mamembala eniakewo ndi amene ankafuna kulumikizana. Ndikupempha kuti khama lomwelo lichitikenso pamene wofuna kumva ndi ife. Bodi ya za mayendedwe isadikire kuti lamulo liitchule dzina.

A Mkonzi, ndalembera nyuzipepala yakwathu chifukwa ndikapita kutchuthi ndimalipira pa tollgate ya pa Chingeni, imene inatsegulidwa mu 2021, ndipo mu mtengo wa mafuta mulinso ndalama ya misewu. Abale anga amafunsa funso lomwe ndinkafunsa kuno: amasankha ndani kuti msewu uwu upalidwe, uja udikire? Kwathu vuto lili mbali ina, chifukwa kuonera kanema wa maola awiri kungamalize bandulo ya mlimi ya mwezi wonse. Ndiye ndikupempha makhonsolo athu kuti pa tsiku lokambirana za misewu ndi milatho aitane wailesi ya m'deralo iulutse mawu, ndipo mawuwo asungidwe kuti wofuna awatumizire anzake pa foni. Mchimwene wanga amanyamula kabichi ndi mbatata ya kachewere kuchokera ku mapiri kupita nazo ku Tsangano, ndipo wailesi ali nayo.

Mayi wa ku Ntcheu,
South Bend, Indiana