Kalata kwa mwana wanga amene ali pasukulu ku Zomba

Area 25, Lilongwe

Mwana wanga wokondedwa,

Ndikulemba kalatayi usiku, mayi ako atagona kale, chifukwa zimene zili kumtima kwanga sindingazinene pa foni pamene iwe umafulumira kutsanzika. Kuno tili bwino, kupatula mwendo wa mayi ako umene ukuwavutabe nyengo yozizira ino.

Azakhali ako atabwerako kumeneko anandiuza mawu amene andisowetsa tulo. Akuti mabuku amene tinakagula limodzi m'tauni ali pawindo osatsegulidwa, ndipo zimangirizo zimene ukupereka kwa aphunzitsi akukulembera ndi mnzako uja, iwe n'kumamupatsa ndalama yako yodyera. Poyamba ndinakana, ndinati mwana wanga sangachite zimenezo. Koma kenaka ndinakumbukira tchuthi chathachi, pamene ndinakufunsa za sewero la Macbeth, ndipo m'malo mondifotokozera unayamba kufufuza pa foni. Ndinakhala chete tsiku limenelo, ndipo ndikuona kuti ndinalakwa kukhala chete.

Ukudziwa bwino chimene Chingerezi chinandichita ine. Pa mayeso a MSCE ndinakhoza masamu, ndinakhoza jogalafe ndi zina zonse, koma Chingerezi ndinalephera, ndipo popeza satifiketi imeneyi sapereka kwa munthu wolephera Chingerezi, ndinabwerera kumudzi chimanjamanja. Zaka zitatu ndinakhala mesenjala pa ofesi ina ku City Centre, ndikunyamula makalata amene anzanga a m'kalasi anali kulemba, mpaka pamene ndinalowa sukulu yausiku ndi kulembanso mayeso. Mphunzitsi wa kumeneko sanandipatse mayankho oloweza. Anandikhazika pansi ndi kundionetsa pamene ndinkapunthwa, ndipo malo ake ndi omwewo amene ana a kwathu kuno amapunthwa mpaka lero.

M'Chichewa timangoti iye, kaya ndi mwamuna kaya ndi mkazi, koma Mngerezi amasiyanitsa he ndi she, ndipo ine ndinkawasokoneza pafupifupi m'chiganizo chilichonse. Ife tilibe timawu tija a ndi the, choncho mwana amangotiponya paliponse kapena kutisiya konse. Lilime lathu silisiyanitsa kwenikweni l ndi r, ndiye munthu amalemba pray pamene akufuna kunena play. Palinso aneni aja osatsata lamulo, amene go amasanduka went, ndipo palibe njira ina yowadziwira koma kukumana nawo kawirikawiri powerenga. Mphunzitsi uja anandiuza kuti munthu amene amatha kugwirizanitsa dzina ndi mneni m'Chichewa, amene sanganene kuti chimanga wapsa, sangalephere kumva lamulo lakuti mwininkhani agwirizane ndi mneni wake m'Chingerezi. Mawu amenewo ananditsegula mutu, ndipo kuyambira pamenepo galamala inaleka kundiopsa.

Tsono iwe ukuphunzira kuti ukakhale mphunzitsi wa phunziro lomweli. Tsiku lina udzaima kutsogolo kwa ana odzaza kalasi pasukulu ina yoyendera kumudzi, ndipo mtsikana wina wolimba mtima adzakweza dzanja ndi kufunsa kusiyana kwa nthambi ya chiganizo yoima payokha ndi yosaima payokha. Kodi mnzako uja adzakhala pambali pako kuti akunong'oneze? Ana amazindikira msanga mphunzitsi wosadziwa, ndipo amene adzalephere chifukwa cha iwe adzabwerera kwao monga ndinabwerera ine. Zimenezi ndi zimene zikundipweteka kuposa ndalama, ngakhale ndalamanso ikundipweteka, poti umadziwa kuti mayi ako amaipeza pogulitsa tomato ndi anyezi padzuwa ku msika wa Nsungwi.

Mnzako ameneyo sindimudziwa nkhope, ndipo sindikunena kuti ndi mfiti. Koma munthu amene amakulandira ndalama kuti iwe ukhale wosadziwa si mnzako. Akadakhala wokukonda akadakhala nawe pansi, n'kutsegula buku, n'kukuonetsa pamene ukulakwitsa. Komanso aphunzitsi akadzazindikira kuti ntchito si yako, amene adzachotsedwe sukulu ndi iwe, ndipo dzina limene lidzatchulidwe ndi la banja lathu. Usiyane naye, mwana wanga, ndipo usachite kudikira kuti teremu ithe.

Ndikukumbukira uli Sitandade 5, chaka chimene maphunziro onse anayamba kukhala m'Chingerezi, unkabwera kunyumba ukulira kuti sukumva kanthu. Magetsi akazima tinkayatsa kandulo, iwe n'kumawerenga mokweza, chala chili pa mzere, mpaka kandulo kutha. Loweruka lina ndinakutengera ku laibulale yaikulu ku City Centre, ndipo unakana kutuluka mpaka mlonda anachita kutiuza kuti akutseka. Mwana ameneyo ndi amene ndinamukweza basi pa depoti ya Lilongwe, ndipo ndikufuna yemweyo adzabwerere.

Chidule cha pa foni chingakuuze kuti Macbeth anapha mfumu Duncan chifukwa chofuna ufumu, ndipo nkhani yathera pomwepo. Koma sichingakuonetse mmene munthu wolimba mtima amafookera pang'onopang'ono chifukwa chomvera mawu okoma a ena, kapena mmene tulo timamuthawira akatha kuchita choipa. Zimenezo zili m'mizere yeniyeni imene Shakespeare analemba, ndipo ngakhale Chingerezi chake ndi chakale ndi chovuta, poti munthuyo anamwalira m'chaka cha 1616, uyenera kulimbana nacho wekha, kawiri kapena katatu, dikishonale ili pambali. Ndakatulo nazonso uziwerenga mokweza monga unkachitira kale, chifukwa khutu limagwira zimene diso ladumpha.

Usaiwalenso kumene uli. Jack Mapanje anaphunzitsa Chingerezi pasukulu yakoyo, ndipo mu 1987 anamangidwa n'kutsekeredwa ku ndende ya Mikuyu, pafupi ndi Zomba pomwepo, mpaka 1991, popanda kuzengedwa mlandu. Ife a nthawi imeneyo tinkatchula dzina lake monong'ona, ndipo buku lake la ndakatulo silinkapezeka poyera. Iwe lero ungalowe mu laibulale n'kuliwerenga masana dzuwa likuswa mtengo popanda wokufunsa, koma ukulipira munthu kuti akuwerengere. Ndikaganiza zimenezi mtima umandiwawa kwambiri.

Mayi ako sindinawauze zonse, ndangoti ukuvutika ndi maphunziro, ndipo ayamba kale kukupempherera. Ngati pali pamene sukumva, pita kwa aphunzitsi ako ukanene mosabisa, chifukwa kufunsa si manyazi. Ngati chavuta ndi buku la galamala, undiuze dzina lake, ndidzalifunafuna m'masitolo kuno ngakhale zitatanthauza kuti malata a kukhitchini adikire chaka chamawa.

Ndikufuna undiyankhe ndi kalata yolemba ndi dzanja lako, tsamba limodzi m'Chingerezi, undifotokozere chimene chinachititsa Macbeth kumvera mkazi wake. Ukalakwitsa sindidzakukalipira, bola zolakwazo zikhale zako. Ndipo undiuze zoona za mnzako uja. Ufa ndi nsinjiro zimene mayi ako akonza tikutumizira pa basi ya Lachisanu m'mawa, ukadikire pa depoti.

Ndine bambo ako.