Miyala ya Stonehenge yandikumbutsa Mwala wa Nthunzi

Akonzi,

Ndine kalipentala wa kuno ku Bvumbwe. Mwana wanga wamkazi, amene ndi namwino ku England, ananditumizira tikiti kuti ndikaone mdzukulu. Loweruka lina anati, "Ababa, valani jekete tikaone miyala." Ndinaseka. Munthu woti ndakula ndikuona phiri la Mulanje, akandionetsenso miyala yotani?

Malowo ndi Stonehenge, kufupi ndi mzinda wa Salisbury. Mphepo yake inali ngati chiperoni cha kwathu kuno. Pachidikha popanda phiri paima miyala mozungulira, ina itagona pamwamba pa inzake ngati felemu ya chitseko. Kuyandikira salola, pali chingwe. Mwana wanga anandiika timawaya ta foni m'makutu, ndipo mawu ankandifotokozera ndikuyenda.

Akuti ngalande yozungulira malowo inakumbidwa zaka pafupifupi 5,000 zapitazo ndi nyanga za nyama zonga agwape. Miyala ikuluikulu inaimikidwa patapita zaka ngati 500, umodzi wolemera matani pafupifupi 25. Ing'onoing'ono inachokera ku mapiri a Preseli ku Wales, mtunda woposa makilomita 200. Pa 21 June, ife tikuotha moto, kumeneko ndi tsiku lalitali kwambiri pachaka, ndipo dzuwa limatulukira molunjika pamzere umene anakonza dala.

Koma chimene chinandiimitsa nthawi yaitali ndi mwala wina wamtali umene unzake wapamwamba unagwa kalekale. Pamutu pake pakuoneka kansonga kosemedwa bwinobwino, ndipo mwala wogwawo uli ndi kabowo kolowamo kansongako. Umu ndi mmene ndimalumikizira mwendo wa tebulo ndi thabwa lake! Ine ndili ndi tchizulo ndi hamala, komabe nthawi zina mwendo umagwedera. Iwo analibe chitsulo, ankagogoda mwala ndi mwala unzake. Ndinavula chipewa, mpongozi wanga n'kumadabwa.

Nditabwerera kumudzi ndinadutsa pa Mwala wa Nthunzi, m'mbali mwa msewu wa Limbe kupita ku Thyolo, ndili ndi mdzukulu wina wa Sitandade 6. Agogo anga ankati wapaulendo azitola kamwala n'kugogoda pamenepo kuti ayende bwino, ndipo tonse tinamvapo zoti okonza msewu ataukankhira kumbali, m'mawa anaupeza utabwerera pamalo pake. Mwanayo anafunsa kuti anayambitsa mwambowu ndani, nanga chifukwa chiyani. Ndinangoti, "Ndi mmene tinazipezera." Manyazi anandigwira, ine amene ndinali nditangomufotokozera za Wales ngati ndinabadwira komweko.

Anthu a Stonehenge sanasiye cholembedwa chilichonse, n'chifukwa chake akatswiri akufukula dothi n'kumatsutsana mpaka lero kuti malowo anali a chiyani. Ife odziwa akadalipo, ali pakhonde akusenda chimanga, ndipo palibe akuwafunsa. Mu July 2025 bungwe la UNESCO linaika phiri la Mulanje pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse, momwe Stonehenge inalowa mu 1986 ndi zojambula za pamiyala za ku Chongoni mu 2006. Alendo akabwera kudzafunsa za Sapitwa kapena Dziwe la Nkhalamba, tidzawayankha ngati ndinayankhira mdzukulu wangayu?

Pempho langa likupita kwa aphunzitsi a ku Thyolo ndi Mulanje: tumani ana patchuthi akajambule mawu a agogo awo pafoni, ndipo inu Akonzi muzitisindikizira nkhanizo m'Chichewa. Mafumu akagwirizana pa mawu oti alembedwe pa Mwala wa Nthunzi, chikwangwani ndikhoma ndine mwaulere. Chidzakhala cha bulugamu, mkungudza tiusiye kuphiri.

Kalipentala,
Bvumbwe, Thyolo