Tisanaganize za maloboti, tilembe ntchito anamwino

Akonzi,

Ndiloleni ndithirepo ndemanga pa nkhani ya maloboti osamalira odwala, amene ena akuwaona ngati yankho la kuchepa kwa anamwino m'zipatala.

Loboti yotchuka pa ntchitoyi ndi Paro, imene anapanga Takanori Shibata wa ku Japan. Imaoneka ngati kamwana ka nyama ya m'nyanja yotchedwa seal, ili ndi ubweya wofewa, ndipo munthu akaisisita imaphethira, kugwedeza mutu ndi kulira motsitsa. Amaipereka makamaka kwa okalamba odwala matenda oiwalaiwala kuti mtima wawo ukhale pansi, ndipo mu 2009 dziko la America linaivomereza kukhala chipangizo cha chipatala. Luso limeneli sindikulinyoza ayi, koma tikumbukire chimene chinalibala. Ku Japan pafupifupi anthu 3 mwa 10 alionse ali ndi zaka 65 kapena kuposerapo, ndipo achinyamata oti awasamalire ndi ochepa. Kuno kalembera wa 2018 anaonetsa kuti theka la Amalawi linali lisanakwanitse zaka 18, ndipo ambiri mwa ana athu omaliza maphunziro a unamwino amakhala pakhomo kudikira kulembedwa ntchito.

Aliyense amene anadikirirapo wodwala m'wodi kuno ku Nkhotakota akudziwa kumene chitonthozo chimachokera. Gadiyani amayala chitenje pansi pafupi ndi bedi, amadzuka pakati pa usiku kutembenuza wodwala kuti asatuluke zilonda, m'mawa n'kumumwetsa phala ndi supuni pang'onopang'ono, uku akumufotokozera za kumudzi, za mpunga ku dambo ndi za usipa umene waphedwa. Namwino wodziwa ntchito amazindikira kuti agogo akukana nsima chifukwa mwana wawo sanabwere kudzawazonda, ndipo amakhala pansi n'kuwanyengerera mowapatsa ulemu mpaka atadya. Paro ingalire ikasisitidwa, koma singamve chisoni cha agogowo, komanso singatume uthenga kwa mwana uja.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti m'midzi yathu okalamba oiwalaiwala, akasochera usiku kapena akayamba kulankhula zosamveka, ena amawanena kuti ndi afiti mpaka kuwachitira nkhanza. Agogo otere akufunika achibale ndi mafumu odziwa kuti amenewa ndi matenda a mu ubongo.

Makina ali ndi malo ake. Mu 2020 dziko la Rwanda linagwiritsa ntchito maloboti poyeza kutentha kwa thupi kwa odwala Covid-19, zimene zinathandiza kuti azaumoyo asamayandikire odwalawo pafupipafupi. Makina otere, pamodzi ndi othandiza kupuma ndi magetsi a sola m'mawodi, amapeputsa ntchito kuti namwino apeze mpata wocheza ndi wodwala.

Choncho ndikupempha Unduna wa Zaumoyo ndi aphungu athu kuti ndalama zikapezeka ziyambe kupita kolemba ntchito anamwino, kukonza malo ogona ndi ophikira magadiyani, ndi kuphunzitsa alangizi a zaumoyo kufotokozera mabanja za matenda oiwalaiwala.

Wowerenga wanu,
Nkhotakota