Kalata yochokera ku Kamwendo

Mwana wanga,

Ndikhulupirira muli bwino nonse ku Lilongweko. Kuno tili bwino, kungoti bondo lija layambanso. Mtedza tamaliza kukumba, uli pa dzuwa. Soya sitinagulitse, mavenda a pa Kamwendo akutchula mitengo yochititsa manyazi.

Ndalemba kalata m'malo moimba foni chifukwa pa foni umandidula mawu. Nkhani ndi ya mwana wakoyu.

Lachitatu anabwera kuchokera kusukulu nkhope ili gwaa, nsima anangoigwiragwira. Usiku tikusenda mtedza pakhonde ndi pomwe anamasuka. Akuti watopa ndi chibwana cha anzake. Ana a Fomu 3, amene analemba JCE chaka chatha, aphunzitsi akangotembenukira ku bolodi wina amalira ngati mbuzi, kalasi yonse n'kufa ndi phwete, phunziro n'kuima. Gulu la WhatsApp limene anatsegula kuti azitumizirana manotsi ladzaza ndi zithunzi zonyozana. Mtsikana akangoyankha funso molondola, anyamata akumbuyo amamutcha dzina lija la akazi oyendayenda, kenaka amati "timangocheza, aise". Mnyamata wina wachibwibwi anasiyiratu kukweza mkono. Chinamupweteka kwambiri n'chakuti wina analemba pagulupo kuti "ndingodzimangirira basi" chifukwa timu yake yagonja, anzake n'kuikapo tinkhope toseka. Ukudziwa maliro amene tinaika m'mudzi muno chaka chatha, ndi momwe mnyamata uja anafera. Mdzukulu wanga anali pamaliropo, ankatunga madzi ndi atsikana anzake. Watuluka m'gulumo.

Akuti anakuimbira kuti akuuze zimenezi. Iwe unaseka, unamuuza kuti akudzimva ukulu, ndipo pomaliza unati "usakhale chitsiru, ndi ana anzako amenewo". Mawu amene anandiuza ine ndi awa: "Agogo, ngakhale amayi amayankhula ngati a m'kalasi mwathu."

Sindinamuyankhe. Ndinangopitiriza kusenda mtedza, chifukwa ndikanati akunama ndikanakhala wabodza ndine. Mauthenga a mawu amene umatumiza pa foni yangayi amawatsegula ndi iyeyo, maso angawa saonanso tizilembo. Ndiye amamva momwe umawatchulira abwana ako, alamu ako, ngakhale bambo ake. Ndipo usaganize kuti ndikudziyeretsa. Mawu akuti chitsiru unawaphunzira pakamwa panga, tsiku lija unagwetsa ndowa yadothi pobwera kudambo, ndi masiku ena ambiri. Make mbuu, mwana mbuu. Koma uyu wakana kutengera, ndiye tisamuseke.

Anthu amati kale kunalibe kutukwana. Bodza limenelo. Kunali, koma kunali ndi malo ake. Msuweni wako unkatha kumunena mutu ngati dzungu, iye n'kukubwezera, onse n'kuseka, chifukwa chisuweni chimalola. Adzukulu pamaliro amaserewula mpaka ofedwa kumwetulira. Kuchinamwali anamkungwi ankatchula zinthu ndi mayina ake enieni, koma m'nyumba, chitseko chotseka, ndipo ukatuluka sunkazibwereza pachitsime. Aliyense ankadziwa woti angamuserewule ndi woti amugwadire. Pa foni palibe chitseko. Mawu a pa chisuweni akugwera mwana wamasiye, akugwera mphunzitsi, ndipo sauluka ndi mphepo ngati a pakamwa, amakhala pomwepo anthu n'kumatumizirana. Paja kuchokera mu 2016 kuli lamulo la za intaneti, ndipo anthu akuluakulu agonapo m'chitokosi chifukwa cha zimene analemba pa WhatsApp. Ana awa sazidziwa, amaona ngati akusewera fulaye.

Komanso sindinamusiye osamudzudzula. Wayamba kuyankha anzake mwachizungu chokhachokha, kuwakonza galamala pagulu, ndipo tsiku lina ndinamumva akunena mwana wa aneba kuti "mbuli". Ndinamufunsa kuti mawu amenewo akusiyana pati ndi a anyamata akumbuyo aja. Anakhala chete nthawi yaitali. Ndinamuuzanso kuti ena mwa anyamatawo amadzuka mdima kukapalasa kabaza asanapite kusukulu, ena amabwera m'mimba muli pululu, ndiye phokosolo nthawi zina n'lobisira manyazi. Izi sizikuwalungamitsa, koma zimuthandize kuti asamawanyanside. Wakula msanga, ndipo mwana wotere amasowa ocheza naye. Masana amangokhala ndi ine nkhalamba ndi mabuku ake.

Chimene ndikupempha n'chochepa. Umuimbire Lamlungu madzulo tikabwera kutchalitchi, netiweki imagwira bwino pansi pa mango paja. Usayambe ndi za mayeso. Umufunse za gululo, ndipo akamayankhula usaseke, usamudule. Ngati pakamwa pako pangathe, umuuze kuti mawu aja unalakwitsa. Ine amayi ako sindinakuuzepo zimenezo ngakhale kamodzi, ndiye ndikukuuza lero: ndowa ija inali yakale, inali yong'aluka kale, ndipo sunali chitsiru.

Za aphunzitsi ndikapita ndekha Lolemba, makamaka za mnyamata wachibwibwiyo ndi uja analemba zodzimangirira, kuti wina amufunse ngati zinalidi nthabwala.

Nsapato zake zasukulu zatha kumphuno, wavala nambala 6 tsopano. Mtedza wako ndikupatsira pa minibasi ukangouma.

Ndine amayi ako,
ku Kamwendo, Mchinji