Yezani mwendo wa chipangizo musanaboole bolodi

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko ndi achinyamata amene ayamba kujambula okha mabolodi a zamagetsi pa kompyuta, komanso aphunzitsi awo. Ine ndimakonza mawailesi, ma amplifier ndi ma inverter kuno ku Ndirande, ndipo masiku ano pabenchi panga pakumafikanso mabolodi opangidwa ndi ana athu omwe: a chaja ya sola, a alamu ya pakhomo, ena a Arduino (kakompyuta kakang'ono kolamulira zipangizo) oyatsira pampu yothirira kudimba. Zimenezi zimandikoma mtima, chifukwa a msinkhu wanga tinakula tikungokonza za eni. Koma ambiri mwa mabolodiwa akubwera ndi nthenda imodzi. Circuit imakhala yolondola bwinobwino. Cholakwika ndi bowo lolowamo mwendo wa chipangizo, ndi kabwalo ka kopa kozungulira bowolo, kamene pa kompyuta amati pad.

Gwero lake ndikulidziwa. Mapulogalamu ngati KiCad, imene ndi yaulere, amabwera ndi zojambula za zipangizo zokonzeratu. Mnyamata akafuna diode amangotola imene yaonekera koyamba, osafunsa kuti mwendo wake ndi wonenepa bwanji. Chonsecho 1N4148 ili ndi mwendo wa pafupifupi 0.5 mm, wa 1N4007 umatha kufika 0.86 mm, pamene wa 1N5408 umafika 1.3 mm. Zonsezi ndi ma diode. Ndiye munthu watumiza chojambula chake ku fakitale ya ku China, walipira ndi ndalama zakunja zimene tonse tikudziwa mmene zikuvutira kupeza, wadikira masabata, ndipo katundu atafika mwendo ukukana kulowa. Si bolodi limodzi ayi, ndi onse amene anaitanitsa.

Zikatero ena amapala mwendo ndi fayilo, ena amatenga biti yoboolera n'kulikuza bowolo. Apa ndiye pamafera bolodi. Bowo la kufakitale si bowo wamba: m'kati mwake amakutamo kopa wopyapyala amene amalumikiza njira za pamwamba ndi za pansi. Biti ikadutsamo imamuchotsa yense, magetsi n'kuduka pamalo pamene diso silingaone. Mwini wake amatha sabata akuimba mlandu IC (kachipangizo ka miyendo yambiri kokhala ndi circuit m'kati mwake) yosalakwa.

Lamulo lake si lovuta. Miyezo ya IPC ya ku America, ya kapangidwe ka mabolodi, imati tenga kunenepa kwa mwendo kumene sungapitirire, uwonjezepo 0.25 mm, kapena 0.20 mm, kapena 0.15 mm ngati malo akuthina kwambiri. Ife owotcherera ndi manja tilibe chifukwa chothamangira 0.15. Fakitale imaboola mokulirapo pang'ono kuti kopa uja akalowa bowo litsale pa muyeso umene mwalemba, koma siimenya ndendende. Bowo limatha kubwera lochepera kapena lokulira ndi 0.08 mm. Mukayamba ndi mpata wa 0.15 ndiye kuti theka lake likhoza kutha musanaligwire n'komwe bolodilo. Ine ndimawonjeza 0.25 kapena 0.3. Resistor wamba ya mwendo wa 0.6 mm ndimaipatsa bowo la 0.9, miyendo ya IC 0.8, 1N4007 ija 1.1, ndipo 1N5408 1.6.

Pa datasheet, pepala la wopanga lofotokoza miyeso ya chipangizo, pamalembedwa manambala awiri, wamng'ono ndi wamkulu. Tengani wamkuluyo. Onetsetsaninso ngati ali m'mainchesi kapena m'mamilimita, poti mapepala ambiri a ku America amayamba ndi mainchesi.

Pamene pakugwera ambiri, ngakhale ochenjera, ndi pa miyendo ya makona anayi. Timapini ta header timene timalumikiza Arduino ndi ta 0.64 mm mbali iliyonse. Munthu amaona 0.64, amawonjeza 0.2, n'kulemba 0.8 kapena 0.85 ali wokondwa. Koma bowo ndi lozungulira, ndipo chimene chimayamba kugunda ndi makona. Kuchoka pa kona ina kufika pa kona yopingasana nayo ndi 0.9 mm, n'chifukwa chake pini yotere imafuna bowo la 1.0. N'chimodzimodzi miyendo yaphwatalala ya regulator ya 7805 ndi ma MOSFET a mtundu wa TO-220: yezani mopingasa, ndipo mupeza kuti 1.1 ndiye yabwino.

Wina anena kuti, nanga bwanji osangoboola onse aakulu kuti chilichonse chizilowa? Funsani wosema mipini. Bowo likachepa khasu sililowa, ndipo mukalikakamiza mpini umang'aluka. Likakula khasu limagwedera mpaka kuguluka muli pakati pa mzere. Mtovu wowotcherera (solder) ukasungunuka umakwera wokha mu mpata wopapatiza wa pakati pa mwendo ndi khoma la bowo. Mpatawo ukakulitsa, mtovu umangodontha mbali inayo kapena kugwira mbali imodzi, chipangizo n'kukhala chopendekeka. Pa bolodi lopangira kunyumba, limene m'bowo mwake mulibe kopa, zimaipiratu, chifukwa mtovu umayenera kudumpha mpatawo wokha popanda chogwira, ndipo pamenepo ndi pamene umadzang'ambikira.

Tsopano za kabwalo ka kopa kaja, ndipo apa ndiye pali dandaulo langa lenileni ngati wokonza. Mafakitale amalemba pa intaneti kuti amatha kusiya kopa wochepetsetsa kuzungulira bowo, ena mpaka 0.15 mm. Ana athu akaona nambala imeneyo amaiyesa langizo. Iyo ikungonena pamene makina awo amalekezera. Dzanja la munthu ndi nsonga ya ayironi yowotcherera zimafuna malo. Muyeso umene sunandigwiritsepo mwala ndi wakuti kabwalo kakhale kowirikiza kawiri bowo: bowo la 0.8 kabwalo 1.6, bowo la 1.1 kabwalo 2.2, bowo la 1.6 kabwalo 3.2.

Amene mumapanga nokha bolodi la mbali imodzi ndi ferric chloride, mankhwala odya kopa wosafunika, pitiriranipo, kufika kawiri ndi theka ngati malo alola. Kopa wa pa bolodi wamba ndi wa 0.035 mm basi, ndipo anangomatidwa ndi guluu. Mankhwala aja amadyako m'mphepete. Biti ya pamanja siigwera pakati penipeni, imaterereka. Mukachotsa zonsezi pa kabwalo kamene kanali kochepa kale, kamatsala kachidutswa ngati mwezi wongooneka kumene, ndipo mwendo wonse ukudalira pamenepo. Pojambula siyani kadontho kopanda kopa pakati pa kabwalo kuti biti ipeze pokhazikika.

Kumbukiraninso kuti bolodi lanu lidzafika kwa wina ngati ine. Capacitor idzatupa, relay idzapsa, ndipo tidzafunika kuzizula ndi kuika zina. Ayironi zimene ambiri tili nazo n'zopanda posinthira kutentha, ndipo magetsi akazima alipo anzanga amene amatenthetsa chitsulo pa mbaula kuti kasitomala asabwerere. Kabwalo konenepa kamapirira zimenezi kangapo. Kowonda kamatukuka ulendo woyamba womwe, n'kutsatira mwendo, ife n'kuyamba kulumikiza ndi timawaya ngati akangaude. Mtovu wamakono wopanda lead umafunanso moto wambiri: umasungunuka cha pa 217 °C pamene wakale uja umasungunuka pa 183 °C. Kopa womatidwa ndi guluu sakondwa nazo.

Zipangizo zolemera ndi zimene anthu amakoka, monga transformer, relay, soketi ya chaja ndi ma terminal omanga ndi sikuluu, zipatseni kopa wambiri kuposa zina zonse. Amplifier ya m'minibasi ikabwera ikudukizadukiza mawu, sindiyamba ndi mita. Ndimatembenuza bolodi n'kuyang'ana pa miyendo ya zinthu zolemerazi, ndipo kawirikawiri ndimapeza kamng'alu kozungulira mwendo ngati mphete. Mabampu a misewu yathu amayesa ntchito ya munthu kuposa mayeso a m'kalasi.

Komabe kukuza kuli ndi malire. Miyendo ya IC imatalikirana 2.54 mm. Timabwalo ta 1.6 timasiya mpata wa 0.94 mm, wokwanira kudutsitsapo kanjira kamodzi kowonda. Mukaika ta 2.2 mpata umatsala 0.34, ndipo mtovu umalumikiza miyendo iwiri mosavuta. Pamenepo jambulani kabwalo kotalika ngati dzira, kopapatiza kumbali ya mnzake koma kotalika kumene kuli malo. Mbali ya bolodi imene ikulowa magetsi a 230 V, mpata wa pakati pa kopa ndi kopa ndi nkhani ya moyo, ndiye musaudye pofuna kukuza timabwalo, talikitsani zipangizozo. Ndipo mwendo ukamalowa pa chigawo chachikulu cha kopa, monga cha ground, ulumikizeni ndi timilatho tiwiri kapena tinayi, zimene pulogalamu imatcha thermal relief, apo ayi kopa yense uja amamwa kutentha ndipo mtovu sugwira.

Kwathu kuno palinso china chimene mabuku akunja sachiganizira. Zipangizo zambiri timagula pamsika zopanda dzina la wopanga, zina timazula pa mabolodi akufa miyendo ili ndi mtovu wakale. Datasheet ikhoza kunena zake, chimene chili m'manja mwanu n'kukhala china. Choncho gulani kaye zipangizo, muziyeze ndi vernier (chida choyezera kunenepa kwa tinthu tating'ono), kenako mujambule. Mukamaliza, sindikizani chojambulacho pa pepala pa kukula kwake kwenikweni, muliyale pa katoni, mubaye mabowo ndi singano, n'kulowetsa chipangizo chilichonse. Relay imene miyendo yake yasemphana ndi mabowo idzaonekera pa pepala la ndalama zochepa, musanalipire fakitale.

Pempho langa kwa aphunzitsi a m'masukulu a ntchito zamanja ndi m'mayunivesite ndi lakuti wophunzira asapatsidwe malikisi chifukwa choti LED yayaka basi. Mufunseni kuti bowo ili walipatsa 1.0 chifukwa chiyani, ndipo mum'patse ayironi azule chipangizo chimodzi ndi kuchibwezeretsa, muone ngati kopa atsale. Kwa eni mashopu a zamagetsi ku Limbe, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, tithandizeni kusunga ma vernier otsika mtengo ndi mabiti a 0.8, 1.0 ndi 1.3 mm. Biti ya 0.8 imathyoka msanga, ndiye muzigulitsa m'mapaketi.

Wokonza mawailesi,
Ndirande, Blantyre