Pangano la Mulungu silikhala mu emvulopu

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko pa tsamba lanuli chifukwa nkhaniyi yandikhala pakhosi kuyambira mwezi wa June, ndayesa kuimeza koma ikukana. Ine ndimakhala ku Chibavi konkuno ku Mzuzu, sindine m'busa ayi, ndimangophunzitsa ana Sande sukulu ku mpingo kwathu basi, koma Baibulo langa ndimaliwerenga ndipo zimene mawu akuti "pangano" akuchitidwa masiku ano zikundiwawa.

Azakhali anga amagulitsa tomato ndi anyezi ku Zigwagwa, zaka zambiri ndithu pa benchi yomweyo. Amuna awo anadwala nthawi yaitali, shuga kenako impso, ndiye mnzawo wina wa pamsika anawauza kuti tiyeni ku ovanaiti kwa mneneri wina, dzina sinditchula, ine ndinawaperekeza poti usiku sakanayenda okha. June wa ku Mzuzu mukumudziwa, kamvula kowaza kaja, tonse tafunda zitenje mano akugogoda. Cha m'ma 2 koloko usiku nyimbo zinasiya, papa aja anaima kutsogolo nkufunsa kuti ndani akufuna kupangana ndi Mulungu usiku uno, anyamata awo atanyamula kale ma emvulopu, ena a K20,000, ena a K50,000, ena a K100,000, akuti pangano lako likhale lolingana ndi kukula kwa vuto lako. Ndinaona ndi maso anga azakhali akumasula mfundo ya pansonga ya chitenje, manja akunjenjemera, kutulutsa K50,000 yomwe inali mpamba wonse wokaodera tomato sabata imeneyo. Ndinawagwira dzanja koma anandiyang'ana nkunena kuti "mwanangu, ndisiye, mwina ndi pompa", ndipo ndinawasiya.

Amuna awo anatisiya mu July. Maliro atatha anabwererako kukafunsa kuti nanga pangano lija, ndipo anawayankha kuti mayi munaliswa ndinu, munakayika mumtima. Tsiku lina tikusenda mbatata kuseri kwa nyumba anandifunsa motsitsa mawu kuti "kodi ndikanatenga ya 100 ija bambo ako akanakhalapo?" A Mkonzi, mzimayi wopemphera kuyambira utsikana wake, lero akugona ndi maganizo oti anapha mwamuna wake chifukwa chosowa K50,000 ina. Ndalama zinapitazo ndi nkhani yaing'ono, chimene anawabera kwenikweni ndi nkhope ya Mulungu wawo.

Ndiye ndikufuna ndifunse, pangano logulali likuchokera mu Baibulo liti? Buku Lopatulika tili nalo m'chilankhulo chathu kuyambira 1922, Buku Loyera linabweranso mu 1998, anzathu a Chitumbuka ali nalo lawo, aliyense atha kutsegula yekha nkuona.

Tiyambire pachiyambi penipeni. Genesis 1 akuti munthu analengedwa tsiku lachisanu ndi chimodzi, kuwala kulipo kale, madzi alipo kale, mbewu, mitengo ya zipatso, nsomba, nyama, zonse zitakonzedwa. Adamu anafika ngati mlendo wopeza nsima yaphikidwa kale, analibe thumba, analibe chitenje chomangapo ndalama, mpweya womwe ankapuma anachita kumuuzira. Ndimakonda kufunsa ana anga a Sande sukulu kuti Adamu analipira zingati kuti alengedwe m'chifanizo cha Mulungu, amaseka nkukuwa kuti "palibe!" Ana a zaka 7 akuidziwa nkhaniyi, nanga ife akuluakulu taiwala bwanji? Ngati zonse ndi zake, ng'ombe za pamapiri, siliva ndi golide, ndiye timugula ndi chani chomwe si chake kale?

Pitani pa Genesis 9, pangano la Nowa. Chigumula chitatha Mulungu ndi amene anayamba kulankhula, anati ndikukhazikitsa pangano langa ndi inu ndi ana anu, ndi zamoyo zonse, mbalame, ziweto, nyama zakutchire. Tamvani bwino pamenepo, ndi mbalame zomwe. Kodi mpheta inabzala mbewu ya ndalama zingati kuti ilowe nawo? Chizindikiro chake anachiika m'mitambo pomwe munthu sangafikire kuti achigulitse, ndipo ife Amalawi chimenechi timayenera kuchimva kuposa ena chifukwa chili m'kamwa mwathu momwe, timati utawaleza, uta wa Leza, ndipo Mulungu timamutcha Chauta, kuno kumpoto amati Chiuta, mawu a uta ali momwemo. Mvula ikakata madzulo utawaleza nkutuluka cha ku Kaning'ina uko, wa kabaza amauona, bwana wa mu ofesi amauona, wamisala wa pa depoti amauonanso, palibe amene amafunsidwa risiti.

Koma pamene pamandigwira mtima kwambiri ndi Genesis 15, ndipo ndikupempha aliyense wowerenga kalatayi akawerenge yekha pang'onopang'ono. Kale anthu popangana ankadula nyama pakati, kuika chibanthu uku chibanthu uko, kenako wolonjezayo amadutsa pakati pa zibanthuzo, kutanthauza kuti ndikaswa mawu anga zindichitikire zomwe zachitikira nyamayi, pa Yeremiya 34:18 mwambo umenewu ukuonekanso. Ndiye Mulungu anauza Abramu kuti atenge ng'ombe yaikazi, mbuzi, nkhosa yamphongo, zonse za zaka zitatu, njiwa ndi kamwana ka nkhunda. Abramu anadula, anayala, anakhala akuingitsa miimba yofuna kudya nyamayo mpaka dzuwa kupendeka, kenako tulo tatikulu tinamugwira. Mdima utagwa, chimene chinadutsa pakati pa nyama zija ndi ng'anjo yofuka utsi ndi muuni wamoto. Mulungu yekha. Sitiwerenga paliponse kuti Abramu anadutsa. Ndiye kuti katundu yense wa panganolo Mulungu anadzisenzetsa yekha, mnzakeyo ali gone. Ndipo chaputala chomwecho vesi 6 akuti Abramu anakhulupirira ndipo Mulungu anamuyesa wolungama, sakuti analipira.

Ngakhale ku Sinai komwe kuli malamulo, taonani dongosolo lake, anayamba wawatulutsa kaye mu ukapolo ku Iguputo, awoloka nyanja, adya mana, kenako ndi pomwe malamulo khumi akubwera pa Eksodo 20, ndipo akuyamba ndi kuwakumbutsa kuti ndine amene ndinakutulutsani. Kumvera kumabwera pambuyo ngati kuthokoza kwa munthu wopulumutsidwa kale.

Aisraeli analiswa pangano limenelo kambirimbiri, monga momwe ife timachitira, ndiye Yeremiya 31 akulonjeza latsopano lolembedwa m'mitima, lomwe Mulungu adzakhululuka osakumbukiranso machimo. Linadzakwaniritsidwa usiku uja Yesu anatenga chikho, Luka 22:20, nkunena kuti ichi ndi pangano latsopano m'mwazi wanga. M'mwazi wake iyeyo, a Mkonzi, si m'thukuta la mayi wogulitsa tomato. Petro akunena mosabisa pa 1 Petro 1:18-19 kuti sitinaomboledwe ndi siliva kapena golide koma ndi mwazi wa mtengo wapatali wa Khristu, ndipo Aefeso 2:8-9 ana athu amaloweza pamtima, mwapulumutsidwa ndi chisomo mwa chikhulupiriro, ndi mphatso, kuti wina asadzitame. Chinthu cholipiridwa kale ndi mwini wake wina nkumakugulitsanso, pamsika timachitcha dzina lake chimenecho.

Ndipo malonda amenewa si atsopano ayi. Namani wa ku Siriya atachira khate anabwera ndi mphatso zambiri, Elisa anakana kulandira, Gehazi mnyamata wake anamuthamangira m'mbuyo nkukatenga mwabodza, khate lija linamugwera iyeyo, 2 Mafumu 5. Simoni wa ku Samariya anatulutsa ndalama kuti agule mphamvu ya Mzimu Woyera, Petro anamuuza kuti ndalama yakoyo iwonongeke nawe limodzi, Machitidwe 8:20. Mu 1517 Martin Luther analemba mfundo zake 95 ku Wittenberg atapsa mtima ndi anthu ngati Johann Tetzel omwe ankagulitsa zikalata za chikhululukiro, ndipo mpingo wa Katolika womwe unadzaletsa zolowetsapo ndalama zimenezo mu 1567 pansi pa Papa Pius V. Ndiye apa sindikunena mpingo wa wina aliyense, wa CCAP, wa Katolika, wa Seventh Day, wa Pentekosite, tonse tinagwirizana kalekale kuti chisomo si katundu wa pa shelefu, nanga tikuloleranji kuti zibwerere kudzera pakhomo la kuseri?

Ena anena kuti iwe ukuletsa anthu kupereka. Ayi ndithu. Ine chakhumi ndimapereka, chopereka cha Lamulungu ndimapereka, matchalitchi athu samangidwa ndi mphepo, abusa athu enieni omwe amayenda wapansi m'matope a ku Masasa ndi ku Mchengautuwa kukaona odwala ayenera kudya. Koma 2 Akorinto 9:7 akuti munthu apereke monga watsimikiza mumtima, mosakakamizidwa. Munthu woti mwamuna wake ali pa bedi la chipatala, 2 koloko usiku, maikolofoni ikumukuwira kuti mwayi wako ndi uno wokha, ameneyo sanatsimikize kanthu, wachita mantha. Aneneri a ma emvulopuwa amakonda kutiwerengera za mayi wamasiye woponya tindalama tiwiri pa Marko 12, koma amalumpha vesi 40 yomwe ili pamwamba pake pomwepo, pamene Yesu akudzudzula alembi omwe amadya nyumba za akazi amasiye kwinaku akupemphera mapemphero ataliatali.

Chinanso chomwe tiyenera kuuzana chilungamo ngakhale chimawawa, pangano la Mulungu silinalonjeze kuti sitidzadwala kapena kuika maliro. Paulo anapempha katatu kuti munga uchoke m'thupi mwake, yankho linali lakuti chisomo changa chikukwanira. Kodi Paulo anakayika mumtima? Mulungu amachiritsa, ndimakhulupirira zimenezo ndi mtima wonse ndipo ndinapempherera amuna a azakhali mpaka tsiku lomaliza, koma chomwe anatilonjeza motsimikiza ndi chikhululukiro, kukhala nafe osatisiya, ndi kuuka kwa akufa.

Pempho langa lipite kwa abusa, ansembe ndi akulu a mpingo muno mu Mzuzu, phunzitsani za pangano pa guwa momveka, m'milaga, m'magulu a amayi, osangodikira nthawi ya Pasaka, chifukwa anthu anu omwe mumawaona Lamulungu m'mawa ndi omwewo akukamasula zitenje Lachisanu usiku, ndipo sakupita chifukwa chopusa, akupita chifukwa chothedwa nzeru.

Azakhali abwerera pa benchi yawo, abale tinasonkherana kampamba kochepa. Sabata yatha ndinakhala nawo pakhonde ndikuwawerengera Genesis 15, nditafika pa tulo ta Abramu anandiimitsa nkuti "bwereza pamenepo", ndinabwereza kawiri. Sanayankhe kanthu, anangopukuta m'maso ndi chitenje nkulowa m'nyumba kukatereka madzi a tiyi. Mgonero wa mwezi wathawu sanadye nawo, akuti sakudziona oyenera, ndiye Lamulungu la Mgonero likubwerali ndikawatenga ndekha m'mawa tikakhale benchi imodzi.

Mphunzitsi wa Sande sukulu,
Chibavi, Mzuzu