Mwana akapsa, yambani ndi madzi, dzira mumuphikire adye

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi makolo anzanga kudzera m'nyuzipepala yanu chisanu chisanakhwime. Mu June ndi July kuno ku Mzuzu mbaula imalowa m'nyumba, ana amaunjikana pamoto m'mamawa phala likuwira, ndipo ana opsa amachuluka m'zipatala. Chomvetsa chisoni n'chakuti zilonda zambiri zimene zimathera pa opaleshoni kapena pa kulumala sizinali zazikulu poyamba. Zimakula chifukwa cha zimene tachita pa ola loyamba, komanso chifukwa cha chikhulupiriro chakuti chilonda chabwino ndi chouma.

Mbatata yootcha mukaiphula, mkati imapitirirabe kupsa. Khungu limachitanso chimodzimodzi: phala mwalipukuta, koma kutentha kudakalowerera pansi. Mankhwala ake ndi madzi ozizira oyenda, othiridwa pamalo opsawo kwa mphindi 20 zathunthu. Yang'anani nthawi pa foni, chifukwa mwana akamalira mphindi zitatu zimaoneka ngati tsiku. Kafukufuku wa ku Queensland m'dziko la Australia, wofalitsidwa mu 2020, anaona ana oposa 2,000 ndipo anapeza kuti amene anathiridwa madzi motere sankafunika kawirikawiri opaleshoni yomatapo khungu lina poyerekeza ndi anzawo. Madziwo amathandizabe ngakhale papita maola atatu chipsereni. Kumene kulibe mpopi, monga m'nyumba zambiri za ku Mchengautuwa kapena ku Masasa, tengani ndowa ya madzi akumwa ndi kapu, muzithira pang'onopang'ono osalekeza, wina akukatunga ena. Madzi oundana a mufiriji ayi: amafinya timitsempha ta magazi, khungu limene likanapulumuka n'kufa. Ndipo poti kuno n'kozizira, ziziritsani malo opsawo okha, thupi lonse la mwana mulifunditse bulangete. Khanda lomizidwa m'beseni lonse m'mawa wa July likhoza kuzizidwa mpaka kufooka. Likayamba kunjenjemera, siyani.

Madzi akuthiridwa, vulani thewera ndi zovala zonyowa, chifukwa zimasunga madzi otentha pakhungu. Chotsani mphete, zibangili ndi mikanda ya m'chiuno thupi lisanatupe. Nsalu ya nayiloni imene yamatirira musaikoke, dulani m'mbali mwake ndi sizasi, yotsalayo akachotsa kuchipatala.

Zopakapaka ndiye zimatipweteka mtima. Dzira laliwisi, Colgate, mafuta ophikira, ufa, phulusa, madzi a masamba, ndowe, ngakhale ufa wa m'kapisozi: zonsezi zimafika kuchipatala zitauma gwaa pachilonda. Palibe chimene chimachotsa kutentha. Dzira limatha kukhala ndi tizilombo, dothi ndi ndowe zimabweretsa kafumbata, ndipo mankhwala a m'kapisozi owazidwa pachilonda amangothandiza tizilombo kuzolowera mankhwalawo. Choipitsitsa n'chakuti namwino ayenera kuzipala zonsezo kuti aone kuya kwa chilonda, ndipo ululu umene mwana amamva pamenepo ndi wosaneneka. GV, mankhwala a buluu aja, nawonso amabisa mtundu wa chilonda, pomwe mtunduwo ndi umene umatiuza kuya kwake. Khungu lofiira lopanda matuza lapsa pamwamba chabe. Pamene pali matuza, pansi pake ponyowa, pofiirira ndi popweteka kwambiri, papsa pakatikati, ndipo pakasamalidwa bwino pamapola pa milungu iwiri kapena itatu. Koma pamene payera mbuu kapena pada ngati chikopa chouma, mwana osamva kuwawa mukakhudza, pamenepo papsa kwambiri mpaka minyewa yomvera yafa. Makolo ambiri amanyengedwa apa, amati poti sakulira ndiye kuti si zoopsa.

Mukatha kuthira madzi, phimbani ndi chitenje choyera chochapa ndi kusita, kapena pepala la pulasitiki lofewa lokutira zakudya lija, loyalidwa pamwamba mosamanga. Matuza musawaboole. Perekani Panado: kwa mwana ndi mamiligalamu 15 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake, maola 6 aliwonse. Ngati akutha kumwa, mpatseni Thanzi ORS kapena bere pafupipafupi, chifukwa khungu lopsa limataya madzi ambiri. Kukula kwa chilonda timayeza ndi chikhatho cha wopsayo, zala zili pamodzi: chikhatho chimodzi ndi pafupifupi 1 peresenti ya khungu lonse. Mwana amene wapsa zikhatho zake 10 ali pangozi ya moyo ndipo afunika diripi, koma musadikire kufika pamenepo. Khanda lililonse, chilonda choposa chikhatho chimodzi, kupsa kumaso, m'manja, kumapazi, kumaliseche, m'molumikizira mafupa, kapena kozungulira mkono kaya mwendo, kupsa ndi magetsi, zonsezi n'zopita nazo kuchipatala tsiku lomwelo. Wopsa m'nyumba yoyaka amene mawu asasa kapena m'mphuno muli mwaye athamangitsidwe ku Mzuzu Central Hospital, chifukwa kukhosi kumatha kutupa n'kutseka mpweya patapita maola. Musaiwale buku la kuchipatala, kuti aone za katemera wa kafumbata.

Tsono ndifike pa mawu amene timamva tsiku ndi tsiku: "Chisiyeni pamtunda chipitidwe mphepo, chiuma msanga." Kuuma si kupola. Khungu latsopano limamera kuchokera m'mbali mwa chilonda ndi m'timaenje ta tsitsi timene tapulumuka, ndipo timaselo take timayenda mokwawa pamwamba ponyowa. Pakauma, nkhanambo imakhala ngati thanthwe m'munda: timaselo timayenera kukumba kudutsa pansi pake, ndipo mnofu wapamwamba umene unali wamoyo umafa ndi kuumako. Izi zinaonetsedwa mu 1962 ndi George Winter ku England, amene anacheka timabala pakhungu la nkhumba, tina n'kutiphimba ndi pulasitiki, tina n'kutisiya pamtunda. Tophimbidwato tinamera khungu mofulumira pafupifupi kawiri. Chaka chotsatira ofufuza ena awiri, Hinman ndi Maibach, anapeza zomwezo pa anthu. Papita zaka zoposa 60, koma m'makomo mwathu tikuumitsabe zilonda ndi sipiriti ndi dzuwa, ntchentche zikuterapo. Sipiriti ndi hydrogen peroxide, amene amachita thovu uja, zimapha tizilombo inde, koma zimaphanso mnofu wanthete umene ukumera. Thovulo limasangalatsa maso, osati chilonda.

Chilonda chaching'ono chimene achipatala anena kuti muzisamalira kunyumba chimafuna zinthu zochepa. Wiritsani lita imodzi ya madzi, muikemo mchere wokwana magalamu 9, amene ndi pafupifupi kasupuni ka tiyi kamodzi ndi theka kosasefukira, muwasiye azizire atavundikiridwa. Otsala atayeni tsiku likatha. Mchere ukachuluka umaluma ndipo umaumitsa mnofu, choncho musaonjezere poganiza kuti mphamvu ichuluka. Kafukufuku wosonkhanitsidwa ndi bungwe la Cochrane anapezanso kuti madzi akumwa a pampopi satukusitsa zilonda kuposa madzi amchere a kuchipatala, kotero amene ali ndi mpopi asade nkhawa. Perekani Panado mphindi 30 musanayambe, sambani m'manja ndi sopo, nyowetsani bandeji yakale mpaka ichoke yokha. Mukaisomphola youma mumachotsa khungu lonse limene lamera pa masiku awiri, ndipo magazi amene mumaona ndi umboni wake. Tsukani mothira, osati mokhula. Choyamba kukhudza chilonda chikhale gozi (kansalu kopyapyala ka kuchipatala kophimbira zilonda) wopakidwa Vaseline wa m'botolo latsopano, pamwamba pake gozi wouma wokhuthala woyamwa madzi, kenako bandeji yomangidwa moti chala chanu chilowe pansi pake. Thonje lisakhudze chilonda, ubweya wake umakanirira m'mnofu. Ngati zala zapsa, kulungani chala chilichonse pachokha, apo ayi zimamatirirana popola. Sinthani pakapita masiku awiri, kapena msanga madzi akaonekera kunja kwa bandeji, chifukwa bandeji yonyowa mpaka kunja ndi mlatho wa tizilombo.

Za uchi anthu amafunsa kawirikawiri, poti kumpoto kuno ulipo wambiri. Uchi si nthano. Uli ndi shuga wambiri amene amayamwa madzi m'tizilombo, ndi wowawasa pang'ono, ndipo umasunga chilonda chonyowa. Mu 2015 a Cochrane anaona kuti zilonda za moto zapakatikati zinkapola masiku anayi kapena asanu msanga ndi uchi kusiyana ndi mabandeji wamba. Mu 2013 anali ataonanso kuti kirimu woyera wa silver sulfadiazine, amene zipatala zambiri zimadalira, amapoletsa mochedwerapo kusiyana ndi zophimbira zatsopano. Koma uchi wa m'mabotolo a m'mbali mwa msewu nthawi zina amausungunula ndi madzi a shuga, kapena umakhala ndi zitsotso za mumng'oma, ndipo umenewo ukhoza kuwononga. Upakidwe pokhapokha wachipatala ataona chilondacho. Apa ndi pamene ndikuona kuti tikugona. Tili ndi alimi a njuchi, tili ndi ophunzira unamwino ku Mzuzu University, tili ndi chipatala chachikulu cha chigawo chonse. Kafukufuku woyerekeza uchi wathu wosefedwa bwino ndi kirimu wogula kunja, wowerenga masiku opolera, ululu posintha bandeji ndi mtengo wake, ndi wotheka kuno komwe, ndipo yankho lake lingathandize zipatala zing'onozing'ono za ku Mzimba, Rumphi ndi Nkhata Bay zimene zili kutali ndi mawodi a opsa a ku Queen Elizabeth ndi ku Kamuzu Central.

Bwererani kuchipatala mwamsanga mukaona kufiira kukufalikira m'mbali, ululu ukukula m'malo mochepa, fungo, mafinya, kapena bandeji yobiriwira. Mwana wamng'ono akatentha thupi, kutsegula m'mimba, kusanza, kutuluka zidzolo kapena kufooka pa masiku oyambirira atapsa, musayambe mwaganiza za malungo okha: ngakhale kachilonda kakang'ono kamatha kulowetsa poizoni wa tizilombo m'magazi, ndipo zimenezo zimapha msanga. Chilonda chimene sichinatseke pofika milungu itatu sichidzatseka bwino chokha. Chimafuna kumatidwa khungu lotengedwa pantchafu, ndipo kuchedwa kumabala chipsera chokhuthala chimene chimakoka chigongono, khosi kapena m'khwapa mpaka kupindika. Wodwala amakonda kupinda chiwalo chifukwa ndi mmene ululu umachepera, koma mmene wapindiramo ndi mmene chidzaumire. Chiwongoleni tsiku lililonse monga a fiziyo, achipatala owongola ziwalo, akusonyezerani, ngakhale mwana alire. Ndipo thupi lomanga khungu limafuna chakudya choposa cha masiku onse: usipa, nyemba, phala la nsinjiro, mkaka, zipatso. Dzira limene mukanapaka lija, liwiritseni adye.

Zilonda zozama kwambiri zimaoneka pa odwala khunyu, chifukwa munthu akagwera pamoto samva kanthu, ndipo ena amaima patali poopa kuti malovu ake awapatsira matendawo. Khunyu sapatsirana, kaya m'malovu kaya pokhudzana. Mukokeni pamoto nthawi yomweyo, zimitsani zovala pomukulunga bulangete, mugonekeni chammbali, osaika kanthu m'kamwa, ndipo yambani kuthira madzi aja. Pakhomo pamene pali wodwala khunyu, iye asaphike kapena kuotha yekha, ndipo mankhwala ake asadumphe tsiku. Ndikupempha alangizi a zaumoyo, mawayilesi a m'dera lino ndi atsogoleri a mipingo kuti uthenga wa mphindi 20 aunene m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, kusikelo ya ana ndi pa zolengeza za Lamulungu, mwezi wa June usanafike.

Ndine wowerenga wanu,
Namwino wosamalira zilonda,
Mzuzu